Dzina lenileni la class ndi lalitali lija

Uthenga umene anthu ambiri ophunzira Laravel, framework yopangira mawebusaiti m'chinenero cha PHP, amayamba kukumana nawo ndi wakuti `Class "App\Http\Controllers\User" not found`, ndipo ambiri amauchotsa mwa kukopera mzere wa `use App\Models\User;` kuchokera mu fayilo ina n'kuuika pamwamba pa fayilo yawo. Tsamba likangotseguka amapitiriza ntchito, osaima n'kudzifunsa kuti mzerewo wachita chiyani kwenikweni. Popeza njirayi imathandiza pafupifupi nthawi zonse, munthu akhoza kulemba mapulogalamu kwa zaka akukhulupirira kuti `use` ndi amene amatsegula fayilo ya class (pulani ya khodi yopangira zinthu za mtundu umodzi) n'kuilowetsa mu pulogalamu. Chikhulupiriro chimenechi si choona, ndipo m'kuona kwanga ndicho chimabala zolakwika zovuta kwambiri kuzipeza, zija zimene sizitulutsa uthenga uliwonse pa sikirini.

Pali ntchito zitatu zosiyana zimene maso amaziona ngati imodzi chifukwa chakuti zimachitikira pamalo oyandikana. Mzere wa `namespace` umapatsa class dzina lake lathunthu, moti class ya `User` yolembedwa pansi pa `namespace App\Models;` dzina lake ndi `App\Models\User`, ndipo PHP sidziwa dzina lina loposa limeneli. Mzere wa `use` umangolola fayilo imodzi yokha kutchula dzina lalitalilo mwachidule. Zili ngati dzina loitanirana pakhomo ndi dzina lolembedwa pa chiphaso: a m'nyumba amamva lalifupi, koma aliyense wakunja amafuna lathunthu. Kupeza fayilo pa disiki ndi kuiwerenga ndi ntchito ya chinthu chachitatu, autoloader, imene mu Laravel ndi mu framework inzake ya Symfony imakonzedwa ndi Composer, chida choyang'anira malaibulale a PHP, ndipo autoloader imeneyi sidziwa n'komwe kuti mu fayilo yanu muli mzere wa `use`. Imangolandira dzina lathunthu pa nthawi imene PHP yalifuna n'kulisowa.

Kuti timvetse chifukwa chake zinthu zinakonzedwa motere, ndi bwino kukumbukira mmene zinalili chisanafike chaka cha 2009. Pa nthawiyo ma class onse a mu pulogalamu ankakhala pamalo amodzi, kotero kuti malaibulale awiri akakhala ndi class yotchedwa `Request` sankatha kugwiritsidwa ntchito limodzi. Olemba mapulogalamu anathawa vutoli mwa kutalikitsa mayina, n'chifukwa chake mu Zend Framework yoyamba muli mayina monga `Zend_Db_Table_Abstract`, ndipo mu PHPUnit, chida choyesera khodi, munali `PHPUnit_Framework_TestCase` mpaka pamene PHPUnit 6 inatuluka mu 2017. Kamzere kapansi kalikonse kankaimira foda, choncho dzinalo linkasonyezanso pamene fayilo ili. Kunali kuchenjera ndithu, koma dzina lonselo linkayenera kulembedwa paliponse pamene class yatchulidwa. PHP 5.3, imene inatuluka mu June 2009, inabweretsa ma namespace, ndipo chizindikiro cholekanitsira zigawo za dzina chinakhala `\`. Poyamba panali ganizo logwiritsa ntchito `::`, koma linasiyidwa chifukwa chizindikirochi chinali kale ndi ntchito yoitanira ma static method, ndipo PHP ikanalephera kusiyanitsa kuti `A::b()` ndi method ya class `A` kapena function ya mu namespace `A`. Anthu ambiri sanachikonde chizindikiro cha `\`, ndipo mpaka lero chimavutitsa m'malo ena, monga mu `composer.json` mmene chiyenera kulembedwa kawiri, koma chinathetsa kusokonezekako.

Tsono PHP ikakumana ndi dzina la class, imatsatira malamulo ochepa kwambiri. Dzina loyamba ndi `\` imalitenga monga mmene lalembedwera, popanda kuwonjezerapo kanthu. Dzina losayamba ndi `\` imayamba yaliyang'ana m'mizere ya `use` ya fayilo yomweyo, ndipo ikalipeza imaikapo dzina lalitali. Ikapanda kulipeza, imalumikiza kutsogolo kwake namespace ya fayiloyo, basi. Ndiye chifukwa chake uthenga uja umatchula `App\Http\Controllers\User`, class imene palibe amene anailemba: PHP inaona `User` mu controller (class yolandira mapempho a tsamba), sinapeze `use` yofanana nayo, n'kuganiza kuti mukunena za class yokhala nayo mu namespace imodzi. Uthengawo ukawerengedwa mofatsa umanena wokha chimene chasowa. Ngati dzina lotchulidwamo lili ndi namespace ya fayilo imene mukugwiramo ntchito, ndiye kuti mzere wa `use` palibe. Ngati dzinalo ndi lolondola lonse koma class siikupezekabe, vuto lili kwa autoloader, ndipo kuwonjezera kapena kusintha `use` sikungathandize kanthu.

Lamuloli silipatula ma class a PHP yeniyeniyo. `DateTime`, `Exception`, `PDO` ndi `stdClass` amakhala mu namespace ya pamwamba pa onse, ija yopanda dzina, ndipo mukalemba `new DateTime()` mkati mwa controller popanda `use DateTime;` kapena `\` kutsogolo, PHP idzafunafuna `App\Http\Controllers\DateTime` n'kulephera. Kulephera kotereku ndi kwabwino, chifukwa pulogalamu imaima pomwepo n'kunena vuto. Choopsa ndi malo amene PHP sifunikira kutsegula class kuti ipitirize ntchito, ndipo pamenepa mpamene ndikufuna kukhalitsapo.

Taganizirani controller imene imalankhula ndi seva ya kampani yolandirira malipiro, ndipo wolemba waika ntchitoyo mkati mwa `try`, n'kulemba `catch (Exception $e)` kuti zinthu zikalakwika abweze katundu m'sitoko ndi kuuza wogula mwaulemu kuti ayesenso. Ngati pamwamba pa fayiloyo palibe `use Exception;`, dzinali limasanduka `App\Http\Controllers\Exception`. PHP siidandaula kuti class imeneyi kulibe, ndiponso siitana autoloader, chifukwa chimene ikufuna kudziwa n'chakuti kodi cholakwika chimene chaponyedwa ndi cha mtundu umenewu, ndipo yankho nthawi zonse limakhala lakuti ayi. Zotsatira zake n'zakuti `catch` imeneyo siigwira kanthu mpaka kalekale. Pa kompyuta ya wolemba, pamene seva ya malipiro imayankha bwino nthawi zonse, palibe chooneka cholakwika. Vuto limaonekera tsiku limene intaneti yaduka pakati pa malipiro enieni, ndipo khodi yonse yokonzedwa kuti iteteze tsiku lomwelo imadumphidwa. Zimabisika kwambiri ndi `ModelNotFoundException`, imene dzina lake lathunthu ndi `Illuminate\Database\Eloquent\ModelNotFoundException`, chifukwa ikapanda kugwidwa Laravel imaisandutsa tsamba la 404 looneka bwinobwino, moti woyesa pulogalamu akhoza kuganiza kuti zinakonzedwa dala kuti zizitero.

Mawu a `instanceof` amachitanso chimodzimodzi: mukayerekeza chinthu ndi class imene kulibe, yankho limangokhala `false`, popanda chenjezo. Ngakhale `::class`, imene inabwera mu PHP 5.5 mu 2013 ndipo ndimailimbikitsa kwambiri, siifufuza ngati class ilipo. Imangotenga dzina lalifupi, n'kulitalikitsa motsatira malamulo aja, n'kubweza mawu. Mukalembetsa listener (khodi yodikira event, kutanthauza chochitika china mu pulogalamu) pa `OrderShipped::class` mu fayilo imene mwaiwala `use`, listener imeneyo imamangiriridwa ku dzina limene palibe event idzalitchule, ndipo imelo yotsimikizira wogula siidzatumizidwa. Chida chimene chimagwira zolakwika zamtunduwu pulogalamu isanayendetsedwe ndi PHPStan, imene Ondřej Mirtes anaiyambitsa mu 2016, ndipo pa Laravel pali Larastan yomangidwa pamwamba pake. Ngakhale pa mlingo wake wotsikitsitsa, PHPStan imanena za class iliyonse yotchulidwa koma yosapezeka, kuphatikizapo ya mu `catch`. Sindiona chifukwa chomveka choti pulojekiti imene ikugwira ndalama kapena zinsinsi za anthu ikhale yopanda chida chotere.

Umboni wina wakuti `use` satsegula kanthu ndi wosavuta kuuyesa. Lembani `use Kulibe\Konse\Chinthu;` pamwamba pa fayilo iliyonse, osatchulanso `Chinthu` pena paliponse, ndipo pulogalamu idzayenda ngati kuti mzerewo kulibe. Pa chifukwa chomwechi, mizere ya `use` makumi awiri siichedwetsa tsamba, ndipo kuchotsa imene sikugwira ntchito ndi nkhani ya ukhondo wa khodi, osati ya liwiro. Ndiponso mafayilo awiri akhoza kutchulana wina ndi mnzake popanda vuto, monga `Post` kutchula `Comment` pamene `Comment` ikutchulanso `Post`. Amene anazolowera Python amadabwa nazo, chifukwa kumeneko `import` imayendetsadi fayilo yonse yotchulidwayo, ndipo mafayilo awiri otchulana akhoza kutsekerezana. N'chifukwa chake Django, framework ya Python, imalola kulemba dzina la model (class yoimira tebulo la mu database) ngati mawu wamba mu `ForeignKey`, kuti lidzafufuzidwe pambuyo pake ma model onse atawerengedwa. Mawu awiriwa, `use` ndi `import`, amakhala pamalo ofanana pamwamba pa fayilo, koma ntchito zawo n'zosiyana kotheratu.

Popeza kutalikitsa mayina kumachitika pamene PHP ikuwerenga fayilo, isanayambe kuyendetsa khodi, sikukhudza mayina osungidwa m'mawu wamba. Mukalemba `$dzina = 'User';` kenako `new $dzina`, PHP imafuna class ya `User` mu namespace ya pamwamba, ngakhale mutakhala ndi `use App\Models\User;` mu fayilo yomweyo. Dzina la m'mawu wamba liyenera kukhala lathunthu nthawi zonse, ndipo likhale pakati pa zizindikiro zogwidwira mawu za kamzere kamodzi, chifukwa pakati pa za timizere tiwiri `\n` ndi `\t` zimasanduka mzere watsopano ndi mpata. Njira yabwino koposa ndi kusalemba mayina otere pamanja n'komwe, koma kugwiritsa ntchito `User::class`, kuti pulogalamu yolemberamo khodi idzathe kulipeza dzinalo tsiku limene class idzasamutsidwe.

Kusintha kumene kunachitika mu Laravel 8, mu September 2020, kumamveka bwino pa mfundo yomweyi. Kale munthu ankalemba route, mzere wolumikiza adiresi ya tsamba ndi controller, motere, `'UserController@index'`, ndipo `RouteServiceProvider` inkawonjezera yokha `App\Http\Controllers` kutsogolo kwa mawuwo. Mu pulojekiti yatsopano ya Laravel 8 kuwonjezerako kunazimitsidwa, ndipo anthu ambiri amene ankatsatira maphunziro akale anakumana ndi uthenga wakuti `Target class [UserController] does not exist`. Ena anauthetsa mwa kubwezeretsa khalidwe lakale mu provider, zimene zimathekadi. Ine ndimaona kuti Taylor Otwell, amene anayambitsa Laravel, ndi anzake anachita bwino kusintha, chifukwa kulemba `[UserController::class, 'index']` pamodzi ndi `use` yake kumachititsa kuti fayilo ya ma route itsatire malamulo omwewo amene fayilo ina iliyonse ya PHP imatsatira, m'malo mokhala ndi lamulo lakelake lobisika mu fayilo ina. Mu version yomweyo ma model anapatsidwa foda ya `app/Models`, kotero `App\User` wa mu maphunziro akale anakhala `App\Models\User`, ndipo wosamutsa pulojekiti yakale ayenera kukumbukira kuti dzinali limatchulidwanso mu `config/auth.php`.

Tibwere kwa autoloader. PHP ili ndi function ya `spl_autoload_register`, imene imalola pulogalamu kulembetsa ma function oti aziitanidwa class ikasowa. Yakale ija ya `__autoload`, imene inkalola function imodzi yokha mu pulogalamu yonse, inachotsedwa mu PHP 8.0. Gulu la PHP-FIG, limene linayamba mu 2009 ndi anthu ochokera ku ma framework osiyanasiyana, linagwirizana za njira imodzi yosandutsira dzina kukhala malo a fayilo. Lamulo loyamba, PSR-0, linkafuna kuti chigawo chilichonse cha dzina chikhale ndi foda yake ndipo linkasungabe mwambo wa kamzere kapansi. PSR-4, imene inavomerezedwa mu December 2013, inapeputsa zinthu: chiyambi cha dzina chimamangiriridwa ku foda imodzi, ndipo zotsalazo zimatsatira mafoda a mkati mwake. Mu `composer.json` ya Laravel muli mzere wa `"App\\": "app/"`, umene Laravel inayamba kuugwiritsa ntchito mu version 5 mu 2015, ndipo tanthauzo lake n'lakuti `App\Http\Controllers\UserController` ipezeke mu `app/Http/Controllers/UserController.php`. Symfony imachita chimodzimodzi, kungoti foda yake ndi `src/`. PSR-4 imalamulanso kuti autoloader ikalephera kupeza class isaponye cholakwika chilichonse, koma ingokhala chete kuti inzake yotsatira iyesenso. Laravel imadalira khalidwe limeneli, monga tionere pa nkhani ya ma facade.

Apa pali chinthu chimene chimafunika kuchinena mosabisa: PHP payokha siikakamiza kuti namespace ifanane ndi foda. Mukhoza kuika class ya `App\Billing\Invoice` mu fayilo ya dzina lililonse, n'kuitsegula ndi `require`, ndipo idzagwira ntchito. Kufanana kwa dzina ndi foda ndi pangano la pakati pa inu ndi Composer. Mukakoka fayilo kuchoka mu foda ina kupita mu ina popanda kusintha mzere wa `namespace`, Composer imapeza fayilo pamalo atsopanowo, n'kuitsegula, koma mkati mwake mumapezeka class ya dzina lakale, ndipo PHP imanenabe kuti imene inafunidwa siinapezeke. Munthu amayang'ana fayilo ili pomwepo n'kumakayikira makina, pamene cholakwika chili pa mzere wachitatu wa fayiloyo.

Nkhani ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono imalowa pomwepa. PHP siisiyanitsa `UserController` ndi `Usercontroller` pa mayina a class, ndipo Windows ndi macOS mwachizolowezi sizisiyanitsanso pa mayina a mafayilo. Linux, imene ma seva ambiri amayendera, imasiyanitsa. Choncho pulogalamu yokhala ndi foda ya `app/services` pamene namespace yake ndi `App\Services` imayenda bwino pa kompyuta ya wolemba, n'kukagwa ikangoikidwa pa seva. Kukonza kwake nakonso kuli ndi msampha, chifukwa pa makina osasiyanitsa zilembo Git ikhoza kusaona kuti dzina lasintha. Lamulo la `git mv` ndi limene limatsimikiza kuti kusinthako kwalembedwa.

Ambiri anaphunzira kuti class ikasowa ayendetse `composer dump-autoload`, ndipo amatero asanawerenge n'komwe uthenga. Chizolowezichi chili ndi chiyambi chake. Composer, imene Nils Adermann ndi Jordi Boggiano anayamba kuilemba mu 2011, ili ndi njira inanso yotchedwa classmap, imene imasanthula mafoda n'kulemba mndandanda wa class iliyonse ndi fayilo yake mu `vendor/composer/autoload_classmap.php`. Laravel 8 isanafike, ma seeder (ma class oika deta yoyambira mu database) ankapezedwa kudzera mu njira imeneyi, moti seeder yatsopano sinkaoneka mpaka mndandandawo utalembedwanso. Kuyambira mu Laravel 8 ma seeder ndi ma factory ali ndi ma namespace awo, `Database\Seeders` ndi `Database\Factories`, pansi pa PSR-4, ndipo class yatsopano yoikidwa pamalo oyenera imapezeka yokha. Lamulo la `composer dump-autoload` limafunika mukasintha gawo la `autoload` mu `composer.json`, osati pa class iliyonse yatsopano. Pa seva ndi bwino kuwonjezera `--optimize`, kuti Composer isamafufuze pa disiki class iliyonse ikafunidwa. Palinso `--classmap-authoritative`, imene imauza Composer kuti class yosapezeka mu mndandanda kulibe, ndipo imeneyi imafuna kusamala ngati pulogalamu yanu imapanga ma class ena ikuyenda. Kuyambira mu Composer 2.0, ya mu October 2020, class imene dzina lake silikugwirizana ndi malo ake imadumphidwa polemba mndandandawu, ndipo pamatuluka chenjezo lakuti siikutsatira PSR-4. Chenjezo limeneli lisamangodutsidwa pakati pa mizere yambiri imene imatuluka poika pulogalamu pa seva, chifukwa likunena ndendende class imene idzasowe.

Ma function amatsata lamulo lina. Mukalemba `strlen($mawu)` mkati mwa namespace, PHP imayamba kufuna function ya dzinalo mu namespace yomweyo, ndipo ikaisowa imabwerera ku ya pamwamba, zimene sizichitika ndi ma class. Ena amapezerapo mwayi poyesa mapulogalamu, mwa kulemba function yawo ya `time()` mu namespace ya class imene ikuyesedwa, ndipo ClockMock ya Symfony imagwira ntchito motero. Komanso ma function alibe autoload, n'chifukwa chake ma helper amalembedwa mu gawo la `files` la `composer.json`, limene mafayilo ake amatsegulidwa pa pempho lililonse, kaya agwiritsidwa ntchito kapena ayi. `use function` ndi `use const` zinabwera mu PHP 5.6, ndipo kuphatikiza mayina angapo a namespace imodzi pa mzere umodzi kunabwera mu PHP 7.0. Kuphatikizaku sindikukonda kwenikweni, chifukwa munthu wofufuza dzina lathunthu mu pulojekiti yonse salipeza pa mzere wotero, ndipo kusintha kwa dzina limodzi kumaoneka mu Git ngati kusintha kwa mzere wonse.

Framework yaikulu imakhala ndi ma class ambiri ofanana mayina aafupi, ndipo apa mpamene pulogalamu yolemberamo khodi, imene imawonjezera `use` yokha, ikhoza kusankha molakwika ngati mwangovomera dzina loyamba pa mndandanda. Mu Laravel muli `Illuminate\Http\Request`, imene ndi pempho lenileni la wogwiritsa ntchito tsamba, ndiponso `Illuminate\Support\Facades\Request`, imene ndi facade chabe, kutanthauza class yongolozera ku chinthu chenichenicho. Mukaika yachiwiriyi ngati mtundu wa `$request` mu method ya controller, Laravel imakupatsani chinthu cha facade, ndipo `$request->input('email')` imalephera chifukwa facade imangomva kuitana kwa static. Mzere waufupi wa `use Request;` umafikitsanso ku facade yomweyo, chifukwa Laravel imalembetsa autoloader yakeyake, `AliasLoader`, imene ikamva dzina lalifupi la pa mndandanda wake imaitana `class_alias`. Mayina aafupiwa ndi othandiza mu mafayilo a Blade olembera maonekedwe a tsamba, amene alibe namespace, koma mkati mwa class ndimasankha kulemba dzina lathunthu la facade kuti wowerenga adziwe chimene chikuitanidwa. Palinso `Builder` ya Eloquent (gawo la Laravel lolumikiza ma model ndi database) ndi `Builder` ya Query, komanso `Collection` ya `Illuminate\Support` ndi `Collection` ya Eloquent, imene imachokera mu yoyambayo. Method imene yalonjeza kubweza `Collection` ya Eloquent idzalephera tsiku limene idzabweze zotsatira za `pluck`, chifukwa zimenezo zimabwera mu ya `Support`.

Fayilo imodzi ikafuna ma class awiri a dzina lofanana, `as` ndiye yankho, monga `use Illuminate\Database\Query\Builder as QueryBuilder;`. Dzina latsopanoli limathera mu fayilo yomweyo. Ndi bwino kuti gulu logwira ntchito limodzi ligwirizane dzina limodzi pa class iliyonse yotere, chifukwa ikamatchedwa `QueryBuilder` mu fayilo ina ndi `BaseBuilder` mu ina, wowerenga amakakamizika kukwera pamwamba pa fayilo nthawi iliyonse. Ndikumbutsenso mwachidule kuti `use` yolembedwa mkati mwa class ili ndi ntchito ina, yolowetsa trait (gulu la ma method amene ma class angapo angagawane), ndipo imeneyo imafunadi kuti trait ipezeke. N'chifukwa chake `HasFactory` imaoneka kawiri mu model, pamwamba kuti dzina lidziwike ndi mkati kuti ma method ake alowe.

Chimene anthu amachedwa kuchizindikira n'chakuti dzina lathunthu la class silikhala mu khodi mokha. Limatuluka n'kukakhazikika mu database, ndipo likafika kumeneko pulogalamu yolemberamo khodi silionanso. Mu polymorphic relation, pamene ndemanga ikhoza kukhala ya nkhani kapena ya vidiyo, Eloquent imalemba `App\Models\Post` mu column ya `commentable_type` pa mzere uliwonse. Tebulo la `notifications` limasunga dzina la class ya notification ndi la model yolandira. Ntchito yoikidwa pa queue, mzere wa ntchito zodikira kuchitidwa pambuyo pake, imasungidwa pamodzi ndi dzina la class yake komanso mayina a ma model amene yanyamula. Tsiku limene gulu lidzaganize zokonzanso mafoda, n'kusamutsa `Post` kupita ku `App\Blog\Models\Post`, khodi yonse ikhoza kusinthidwa bwino m'mphindi imodzi, mayeso onse n'kupambana chifukwa amayendera pa database yopanda kanthu, koma pa seva ndemanga zonse zakale zidzakhala zikuloza class imene kulibenso, ndipo ntchito zimene zinali pa queue zidzalephera potsegulidwa.

Pa chifukwa chimenechi ndimalimbikira kuti `Relation::morphMap` ilembedwe tsiku lomwelo limene polymorphic relation yoyamba yalowa mu pulojekiti, osadikira kuti vuto lioneke. Imachititsa kuti mu database mulembedwe mawu aafupi osasintha, monga `post`, ndipo kugwirizana kwa mawuwo ndi class kumakhala pamalo amodzi mu service provider. `Relation::enforceMorphMap` imapitirira apa, chifukwa imaponya cholakwika model iliyonse yosalembetsedwa ikayesa kulowa mu relation yotere, kotero kuti wina wobwera pambuyo sangaiwale. Ena amanena kuti ndi ntchito yowonjezera pa pulojekiti yaing'ono. Ndi mizere yochepa chabe, ndipo kuilemba matebulo akadali opanda kanthu n'kosavuta poyerekeza ndi kusintha mizere ya anthu enieni pulogalamu ikugwiritsidwa ntchito.

Ngati mayina aatali analowa kale mu database ndipo class iyenera kusamuka, dongosolo la ntchito ndi lofunika. Migration (khodi yosinthira database) imene imasintha mawu a mu column ya mtundu, monga `commentable_type`, iyenera kupita pa seva limodzi ndi khodi yatsopano, osati tsiku lotsatira. Pa ntchito za pa queue, njira yosavuta ndi kusiya kuwonjezera zatsopano n'kudikira kuti zakale zithe, koma pamene pali ntchito zochedwetsedwa dala kwa masiku angapo, kudikira sikutheka. Pamenepo `class_alias` imathandiza kuti dzina lakale lilozebe ku class yatsopano, njira imene laibulale ya Twig inagwiritsa ntchito posamuka kuchoka ku mayina monga `Twig_Environment` kupita ku `Twig\Environment`. Mzere wa alias uyenera kuikidwa pamalo amene amayendetsedwa ntchito isanatsegulidwe, monga mu service provider, chifukwa ukaikidwa pansi pa fayilo ya class yatsopano sudzawerengedwa pamene PHP ikufuna dzina lakale, popeza Composer sidziwa kuti dzinalo likukhudzana ndi fayiloyo. Ma worker, mapulogalamu oyendetsa ntchito za pa queue, amasunga khodi yakale mu memory yawo mpaka atayambitsidwanso, choncho `php artisan queue:restart` iyenera kukhala mbali ya ntchito yoika pulogalamu pa seva. Alias ija ichotsedwe pokhapokha ntchito yochedwetsedwa kwambiri itatha, ndiponso mutayang'ana mu tebulo la `failed_jobs`, chifukwa ntchito zolephera zimene wina angadzaziyesenso nazonso zimanyamula dzina lakale.